Musandipakulirenso, Amayi

Amayi,

Kumene muliko kuli bwanji? Mwendo uja unasiya kuwawa? Ndine Asiyatu wanu. Ndikudziwa kuti kuwerenga simunkakudziwa, ndipo munkati makalata ndi a anthu opanda pakamwa, koma mupeze wina kumeneko akuwerengereni. Aphunzitsi anamwalira ambiri, sangasowe. Muwauze awerenge pang'onopang'ono, asadumphe mzere, chifukwa pali nkhani pakati pa ine ndi inu.

Ndiyambe ndi zabwino. Mdzukulu wanu Patuma wachira. Mwana ndi wamkazi, tsitsi lodzaza mutu, ndipo tamutcha dzina lanu. Amalira mokalipa ngati mwini dzinalo. Mwamuna wa Patuma akadali ku minda ya tiyi, wangotumiza uthenga kuti abwera mvula ikayamba, ndiye onse awiri, mayi ndi mwana, ali m'manja mwanga. Patuma ndi mwana, Amayi, mukumudziwa. Posambitsa khandalo akuti amaopa kuti limupulumuka.

Achimwene a Amidu ku Namwera chimanga chawayendera bwino, koma fodya akudandaula kuti masamba anawauka. Akuti anthu othawa nkhondo kutsidya akubwerabe, ena amanga misasa kumapeto kwa munda wawo uja. Mbuzi yanu yamawangamawanga yaswa ana awiri. Mpanda wa kubafa unagwa ndi mwera, ndipo bambo a Patuma, a Jafali, akuti aukonza. Akhala akunena zimenezo kuyambira tsiku limene unagwa.

Tsopano za ine. Zija ndinkakubisirani, ndikumati ndi chilungulira chabe, zinali zilonda za m'mimba. Patangotha masabata awiri tikuikeni, ndinagwa pamsika ndikugulitsa nsomba, ndikusanza magazi. Ananditengera ku Blantyre. Kumeneko anandipanga opaleshoni, nkudula chifu changa, mbali yaikulu nkutaya. Chimene chatsala akuti ndi kathumba kosakwana nkhonya ya mwana. Ine Asiyatu, amene ndinkamaliza mitu iwiri ya chambo nkumasuzumiranso mumphika!

Kadyedwe kanga tsopano mukanakaona mukanalira. Masiku oyamba anali madzi, pa supuni, namwino ataima pambali kuwerenga. Kenako phala lamadzimadzi losefa pa nsalu. Ponditulutsa anandiuza malamulo ambiri kuposa a chipani. Kudya kasanu ndi kamodzi pa tsiku, koma osapitirira theka la kapu ya tiyi. Kutafuna mpaka nsagwada zitope. Madzi osamwera chakudya, kudikira kaye nthawi ipite. Shuga ayi. Tsiku lina ndinati ndilaweko thobwa la anansi, timadontho tokha. Mayo ine! Thukuta linatuluka thupi lonse, mtima kuthamanga, miyendo lobodo, ndinagona pansi pomwepo pakhonde la eni ake. Nsima nayo ndinayesa kambamu kamodzi, kanaima pachifuwa mpaka madzulo. Ndiye pano ndi nthochi yokanya, papaya, dzira lofewa, mnofu wa nsomba wochotsa minga bwinobwino. Chodabwitsa nchakuti mimba siimva njala. Njala yasamukira m'maso ndi m'mphuno. Anthu akamakazinga anyezi nyumba yachitatu uko, ine kuno malovu chuchuchu.

Thupi lija lapita, Amayi. Lija munkalitsina pamkono nkumauza alendo kuti, “Ili ndinamanga ndine, ndi manja angawa.” Amayi oyang'anira zovina za chipani anabwera kudzafunsa chifukwa chimene sindikuonekera kokonzekera magule. Ndinangokweza bulauzi, nkuwaonetsa chipsera kuchokera pachifuwa mpaka pamchombo. Anayang'ana kumbali, nkuti ndipume. Nsalu yovinira ija pano ikundizungulira kawiri. Pamsika anthu akundiyang'ana cham'mbali, ndipo zimene akunong'onezana za kuwonda kwanga ndikuzidziwa. Asiyeni, pakamwa ndi pawo.

Inu moni wanu sunali “wadzuka bwanji”. Unali “wadya?” Ngakhale tsiku lomaliza lija, mawu atatha kale, munandikoka pafupi, ine nkumayesa mundiuza za munda kapena za mbuzi. Munangoti, “Wadya?” Ndipo kuyambira ndili kamwana lamulo lanu linali limodzi: “Mbale yanga sibwerera ndi kanthu.” Zaka makumi anayi ndi zitatu sindinaliphwanyepo. Ndinaliphwanya pa sadaka yanu.

Sadaka ya masiku makumi anayi inachitika nditangotha sabata ndi theka pakhomo. Anthu anabwera, musadandaule. Mbuzi ziwiri zinagwa, mpunga miphika isanu, ashehe anawerenga mpaka mawu anasasa. Ine ndinakhala pamkeka m'nyumba, nditatsamira khoma. Ndiye amayi aang'ono, mng'ono wanu Abiti Saidi, anatenga bakuli lanu lobiriwira lija, lokoboka pachivindikiro, limene munkandisungiramo chakudya ndikachedwa kumsika. Analidzaza mpunga ndi nyama, nkuliika patsogolo panga.

Ndinadya masupuni awiri a mpunga wonyowa ndi msuzi. Ndinatafuna, ndinatafuna. Kenako ndinavindikira nkulikankhira kwa iwo.

“Iwe Asiyatu,” anatero, “sadaka ya mayi ako ukubweza?”

Ndinati, “Amayi aang'ono, chifu anadula. Ndiika pati?”

Anandiyang'ana nthawi yaitali, maso ngati anu omwe. “Usandiuze ine. Uwauze eni ake.”

Sindinakuuzeni. Pamenepo ndiye ndinalakwa. Ndinaganiza kuti kumene muliko mumaona zonse, za opaleshoni mukuzidziwa. Madzulo Patuma anatsuka bakulilo nkulivundikira pamwamba pa kabati. M'mawa mwake amayi aang'ono anakwera lole kubwerera kwawo ku Chembe.

Tsiku limenelo masana ndinali ndekha. A Jafali anali kudoko kusoka maukonde, Patuma anali kusikelo, mimba ili pafupi. Azana ya masana yoitanira anthu kumzikiti itangotha ndinatuluka kukatawasa kuti ndipemphere, ndipo pobwera ndinapeza bakuli lili pamkeka, pamalo pomwe ndimakhala. Ndinalikhudza, lofunda. Ndinavundukula. Mpunga woyera, mutu wa chambo pambali, ndipo pakati pa mpungawo panali kadzenje kothiramo msuzi.

Amayi, kadzenje kameneko ndimakadziwa. Palibe wina kwa Mponda kuno amene amaboola mpunga ndi chala chachikulu nkuthiramo msuzi. Ndipo chikhadabo chanu chija chinang'ambika ndi mbedza, chimene chinkamera chogawikana pakati, chinkasiya kamzere m'mbali mwa dzenjelo. Kamzereko kanalipo.

Ndinapita kukhitchini. Mafuwa ozizira, phulusa la dzulo. Thumba la mpunga linali lopanda kanthu, sadaka inamaliza wonse. Kunja dzuwa lili phwee, nkhuku zikupalasa, njinga zikudutsa pamsewu monga masiku onse. Ndinaima pakhomo la khitchini nkumamva fungo la msuzi wanu likutuluka m'nyumba mwanga.

Patuma atabwera ndinamukalipira, ndinati akusewera nane. Analira, nkulumbira kuti sanakhudze mphika. A Jafali anaseka. Anati, “Amake Patuma, chakudya chikabwera chokha ndiye mwayi umenewo,” nkutapa ndi dzanja. Anatafuna kawiri. Kenako anatuluka msanga kukalavula kuseri. Mukuwadziwa a Jafali, munkati mkamwini wanu angadye ndi mbale yomwe. Atabwera anati mulibe kukoma kulikonse, ngati ukutafuna madzi, ndipo nchozizira kumano ngakhale chikutuluka nthunzi. Tsiku limenelo sanadyenso kanthu.

Mawa lake linabweranso, nthawi yomweyo. Mkuja wakenso. Palibe amene analiona likutsika pakabati. Umangocheuka, kapena kutuluka pang'ono, pobwera lili pamkeka. Patuma anayesa kulilondera, atakhala pampando maso ali pakabati. Akuti anangoyetsemula kamodzi.

Tsiku lachinayi ndinadya. Musandifunse chifukwa, mukuchidziwa. Munali futali ya mbatata, nsinjiro zambiri monga munkachitira ndikadwala. Kwa ine sizinali zozizira, Amayi. Zinali zokoma kuposa chilichonse chimene ndadyapo chichokereni inu. Ndinati ndilawa supuni imodzi. Ndili mkati modya ndinamva kumbuyo kwanga mkeka ukulira, monga umalirira munthu wolemera akamakhala pansi mosamala mwendo. Sindinacheuke. Ndinadziwa kuti mukudikira mbale. Ndinadya mpaka ndinapukuta ndi chala, misozi ikugwera momwemo, ndipo kwa kanthawi kochepa ndinali mwana wa munthu.

Zotsatira zake ndinauzidwa ndi ena. Akuti anandipeza nditapindika pafupi ndi chitseko, ndasanza zonse pamodzi ndi magazi. A Jafali anandimangirira panjinga ndi chitenje mpaka kuchipatala cha pa boma. Ndinatsitsimuka diripi ili pamkono. Adokotala ake ndi bambo wina wa kumpoto, wamfupi, wosaseka. Anakhala pamphepete pa bedi nkundiuza mosazungulira.

“Mayi, pamene anasokapo pang'ambika pang'ono. Mwayi wanu pasiya pokha kukha magazi. Mukabwerezanso patseguka ponse, ndipo palibe chotsala choti munthu asokenso. Mudzafa musanafike kuchipatala kuno. Mwandimva?”

Ndinati ndamva.

“Akukupatsani chakudya chochuluka chonchi ndani?”

Ndinati, “Amayi anga.”

“Mubwere nawo kuno ndiyankhule nawo.”

Ndinaseka, Amayi, mpaka pabala panawawa. Iwo anangondiyang'ana, nkulemba zina pa khadi langa.

Masiku asanu amene ndinagona kuchipatala bakuli silinasunthe pakabati. Patuma akuti linachita kugwira fumbi. Tsiku limene ndinabwerera, azana ya masana itatha, linali pamkeka.

Tayesa zambiri. A Jafali analitsekera m'bokosi lachitsulo, loko nkumuika, kiyi nkupita naye kudoko. Masana linali pamkeka, loko ali chitsekere. Tinaitana ashehe. Anawerenga m'nyumba monse, nkundiuza kuti akufa saphika, ali ndi zawo zowatangwanitsa. Ndinati chabwino, tavundukulani muone. Anakana. Anati ngati muli chakudya ndichipereke kwa osauka. Koma ndingapatse bwanji munthu chinthu chimene a Jafali analavula? Ndiye ndikuululireni tchimo langa: ndakhala ndikukwirira. Kuseri kwa khola, pansi pa mtengo wa mango, ndinakumba dzenje. Tsiku lililonse ndimakhuthulira momwemo chakudya cha mayi anga nkufotsera. Ine amene munandimenya ndi chipande chifukwa chotaya mkute. Nyerere sizifikapo pamalopo.

Ndipo inu mwakhala mukuwonjezera. Musakane, ndikuona. Poyamba chivindikiro chinkatseka bwino. Sabata yatha chinayamba kukhala mopendekeka. Dzana chinangotsamira pamwamba pa mulu wa mpunga. Ndi khalidwe lanu lomwe lija: mwana akakana kudya, ndiye kuti chakudya chachepa. Koma inu, Amayi! Ngakhale imfa yalephera kukusinthani?

Tsiku limene Patuma anachira ndinali naye kuchipatala kuyambira m'mawa. Pobwera tinapeza lili pamkeka, likundidikira, likadali lofunda ngakhale dzuwa linali litapendeka. Patuma anaima pakhomo ndi khanda lake, nkunena kuti, “Amama, ine m'nyumba muno ndikuopa.” Ndinamuuza kuti agogo ake sangamuchite choipa. Ndinanena molimba mtima, koma usana uliwonse ikamayandikira nthawi ndimamutuma kuti akakhale ndi mwana kwa anansi.

Chovuta sikuopa ayi. Ndikanakhala kuti ndikungoopa bwenzi zili zosavuta. Chovuta nchakuti ndimafuna. Ndikamanyamula bakulilo kupita nalo kudzenje, fungo limakwera. Ndimakhala nditadya kale kanthochi kanga, kathumba kadzaza, koma pakamwa pamadzaza malovu. Dzulo ndinapezeka kuti ndatapa, dzanja lafika pachibwano. Chinandiletsa ndi kulira kwa mwana kwa anansi. Ndinapukuta dzanjalo m'dothi, nkukhala pansi pomwepo kulira ngati wamasiye wa dzulo.

Tsopano ndifike pa za lero, zimene zandigwiritsa cholembera.

Lero bakuli silinali pamkeka. Nditabwera kotawasa ndinayang'ana pamalo paja, palibe. Ndinayang'ana pakabati, palibe. Mtima unati myaa, ndinati mwina mwamva. Ndiye potembenuka ndinaliona lili pakhomo penipeni, pamene munthu amaponda potuluka. Linali lomangidwa mu mpango wanu wakuda wa maluwa achikasu, umene amayi aang'ono anautenga kupita nawo ku Chembe. Mfundo ziwiri pamwamba, ndi kakhutu kogwirira. Pambali pake panali masilipasi anga, oikidwa bwinobwino moyandikana, zala zitaloza kunja.

Amayi, kamangidwe kameneko si ka chakudya chodyera pakhomo. Ndi kamba wa paulendo. Munkamanga choncho munthu akamapita kutali.

Ndinakhala pansi nthawi yaitali ndikuyang'ana. Poyamba ndinakwiya, ndisaname. Ndinati mayi wanji woitana mwana wake kumanda. Koma kenako ndinakumbuka chaka chija nditangokwatiwa, pamene ndinadwala malungo ku Namwera kwa apongozi nkuwonda. Munamva, munakwera phiri lonse lija wapansi ndi mwendo wanuwo, nkuima pabwalo la eni ake kunena kuti, “Ngati kuno sakudya, akadyera kwathu.” Munandinyamula tsiku lomwelo. Ndiye ndazindikira. Mwaona mwana wanu akuwonda, mwamupakulira masabata atatu, akubweza. Mwati kumeneko akumusunga moipa, abwere kuno ndimudyetse ndekha.

Si nkhanza, ndikudziwa. Koma mvetserani, ndikuuzeni zimene ndinayenera kukuuzani pa sadaka paja.

Palibe amene akundimana chakudya. A Jafali amandisankhira nsomba yofewa asanagulitse, amachotsa okha minga ndi zala zawo zokhakhalazo. Patuma amandikanyira nthochi ali ndi mwana kubere. Ndikudya, Amayi. Ndikudya pang'ono chifukwa malo ndi ochepa, ndipo adzakhala ochepa mpaka kalekale. Thupi lija munamanga silibweranso. Amene watsalayu ndi wowonda, wamakwinya m'mikono, wodya ngati mbalame, koma ndi ine ndemwe, ndipo ali moyo. Mbale yanu yodzaza ija kwa ine tsopano ndi sanda. Ndikaimaliza kamodzi kokha, Patuma atsala yekha ndi khanda limene mchombo wake wangogwa kumene, m'nyumba imene akuiopa.

Ndiye sindikupita. Mwandimva? Sindinakuyankheni mwano chibadwire, koma lero ndikukana. Sindikupita, ndipo musandipakulirenso. Ngati manja akukuyabwani, kumeneko kuli ana ambiri amene anapita ndi njala, adyetseni amenewo. Ine adzandiitana ndi Mwini wake pa tsiku lake, osati mpunga.

Mfundo zanu sindinamasule. Ndikudziwa kuti ndikamasula ndidya, fungo lake likundipeza pano pomwe ndakhala, ndipo ndikuganiza kuti muli nkhuku. Kalatayi ndikamaliza ndiipinda ndi kuilowetsa pansi pa mfundozo. Kenako ndinyamula mtolowo momwe uliri, ndikausiye kunja kwa mpanda, panjira yopita kumanda. Njira imene unadzera muidziwa ndinu. Masilipasi ndawatembenuza kale, zala zaloza m'nyumba.

Zikundiwawa, Amayi. Palibe munthu wina padziko pano amene adzandifunsenso ngati ndadya monga munkafunsira inu, ndipo ndine ndemwe ndikukuuzani kuti musiye. Mundikhululukire. Mukwiye ngati mukufuna, mundinene kwa anzanu kumeneko kuti munabala mwana wamwano. Koma mawa azana ikatha, mundisiyire mkeka wanga wopanda kanthu.

Ndikulonjezani ichi: ndidzadya kasanu ndi kamodzi tsiku lililonse, osadumpha, ngakhale pakamwa patakana. Ndipo kamtsikana kali ndi dzina lanuka ndidzakalera mpaka kadzathe kuyenda kokha kupita kumadrasa, kali ndi masaya oti munthu nkutsina.

Patuma akubwera uyo, ndamva mwana akulira panjira. Ndithamange ndichotse mtolowu pakhomo asanauone.

Ndimakukondani, ndipo ndakusowani koopsa.

Ine mwana wanu,
Asiyatu